Duku Lofiira ndi Nyimbo ya Njinga

Bambo anga, amene anayenda wapansi kuchoka kwawo ku Nyasalande kudzalowa mgodi kuno, anandichenjeza ndisanathe n'komwe msinkhu. Anati munthu akakumwetulira m'mawa dzuwa lisanatenthe, thumba lako uligwire ndi manja awiri, chifukwa palibe amene amadzuka wokondwa popanda chimene akufuna kwa mnzake. Anandisiyira zinthu zitatu bambo aja: bulangete, chipewa cholimba cha kumgodi, ndi mawu amenewa. Bulangete linatha, chipewa ndimamwetsera nkhuku, koma mawuwo akadali atsopano.

Ndimakhala ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma. Zaka zanga zamphamvu ndinazithera pa fakitale ya nsalu ku Chegutu, ndipo ntchito yanga inali yoyang'ana basi. Nsalu inkadutsa pamaso panga kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ine n'kumasaka ulusi wothawa, kadontho ka mafuta, kabowo koti ngakhale nsabwe singapitepo. Makina atakhala chete ndinabwerera kunyumba ndi maso omwewo, ndipo sanapume. Ndinkadziwa amene wadutsa pampanda panga kawiri tsiku limodzi. Ndinkadziwa kuti mnansi wanga, mayi wa khomo la kumanzere amene amandipatsa moni wa mano onse, amawerenga mapapaya anga akamayanika zovala.

Tsono maso omwewo ndiwo anayamba kundiukira. Lamanzere linachita ng'ala, n'kuyera ngati munthu wathiramo mkaka. Lamanja linatsala likuona, koma ngati kudzera mu utsi wa nkhuni zaziwisi. Tsiku lina ndinalalatira mwamuna wina amene anaima kuseri kwa nyumba yanga osasuntha. Ndinamutchula mayina onse amene ndimadziwa m'Chichewa ndi m'Chishona, ndipo nditayandikira ndi mpini wa khasu ndinapeza kuti ndi thalauza loiwalidwa ndi mdzukulu wanga atabwera kudzacheza, limene ndinaliyanika ndekha pamtengo. Ndinalimenyabe kamodzi, kuti oonerera asaganize kuti ndalakwitsa.

Namwino wa pakiliniki yathu ndiye anandipatsa kadi. Anati madokotala a maso abwera ku chipatala cha ku Chegutu tsiku limodzi lokha, Lachinayi. Makadi onse amaponyedwa m'bokosi pakhomo, ndipo ikakwana eyiti koloko bokosilo amalinyamula n'kulowa nalo. Wochedwa adikira ulendo wina, ndipo ulendo winawo palibe akuudziwa. Anawonjeza kuti diso langa lamanjalo silidikira chaka. Anati ndisadye kanthu m'mawa, komanso ndipite ndi munthu wondiperekeza.

Zosadyazo ndinamva. Za woperekezazo ndinazisiya pabenchi pomwepo. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, wamkazi ali ku Harare, ndipo ukangouza mmodzi wa iwo, mawa lake msewu wonse wadziwa kuti nyumba ya gogo igona yokha.

Lachinayilo ndinadzuka kum'banda kucha. Chitseko chakutsogolo ndinachikhoma ndi maloko awiri, chakumbuyo loko mmodzi ndi waya. M'chikwama ndinaika zimene sindikanatha kuzisiya: simbi yositira, wotchi yapakhoma ya malemu amuna anga, mababu awiri, ndi mutu wa mpopi wa panja, kuti wofuna madzi akatunge kwawo. Nditafika pageti ndinabwerera kukagwedeza maloko. Nditafika pakona ndinabwereranso. Ulendo wachitatu ndinasesa pakhomo ndikuyenda chambuyo kuti phazi lililonse lobwera lidzasiye chidindo, ndipo apa m'pamene wotchi ya m'chikwama inagunda hafu pasiti sikisi, ine tsache likadali m'manja.

Pokwerera makombi, maminibasi a kuno, panali ngati wina wagwetsa chisa cha mavu. Ana asukulu, amayi a matomato, amuna okumba golide matope ali mpaka m'mawondo, aliyense akukankha mnzake. Makombi atatu ankati akupita ku Chegutu, ndipo onse atatu ankati kwatsala munthu mmodzi. Msewu umenewu ndinaukwera m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, bodza limeneli ndimalidziwa. M'kati mumakhala anthu ongokhalira kuti galimoto ioneke yodzaza, ukalowa iwo n'kumatsika mmodzimmodzi ngati akukataya madzi. Poti nkhope sindinkaziona bwino, ndinayenda pawindo lililonse ndikununkhiza. Munthu wopita kuntchito amamveka sopo ndi mafuta odzola. Wongokhalira amamveka dzulo. Kombi yapakati ndiyo inkamveka sopo.

Woitanira anthu, amene kuno timati hwindi, anali bambo wa mimba yake ndi imvi m'ndevu. Anandimwetulira, ine ndinakumbatira chikwama. Anati andiikire katundu kumbuyo, ndinakana. Anati ndikhale mzere wachitatu, ndinakananso. Ndinati ndikhala kutsogolo, pawindo, pamene ndingathe kuona manja a dalaivala. Mayi wina wovala bwino, amene pambuyo pake anati ndi mphunzitsi, anasendera pakati n'kundisiyira mbali ya chitseko.

Mpando wa pawindo uli ndi vuto lake: dzanja limatha kulowa kuchokera panja. Choncho ndinavula duku langa lofiira. Nsonga imodzi ndinaimanga ku zogwirira za chikwama, inayo ndinaitulutsa pawindo n'kuimanga mfundo zitatu pa chitsulo cha galasi loonera kumbuyo. Wofuna chikwama changa atenge ndi chitseko chomwe. Mchira wa dukulo unatsala ukulendewera panja. Mutu wanga unakhala pambalambanda, koma imvi palibe amene amaba.

Kombi inadzaza, koma sitinanyamuke ayi, tinayamba kuzungulira. Tinapita kukathira mafuta. Tinabwerera pokwerera paja chifukwa hwindi anaiwala sipanala. Tinapita kumagolosale kukatenga bambo wina amene anali ndi chitseko cha nyumba, ndipo chitsekocho chinalowa pamwamba pa mitu ya anthu, onse akuchigwirira. Ndinatulutsa wotchi. Mivi yake sindinkaiona, ndiye ndinafunsa mphunzitsi uja, anati teni pasiti seveni. Ndinaitembenuzira kumbuyo, ndili chiigwirire, kuti mmodzi wa okumba golide aonenso. Ananena chimodzimodzi. Mwina anapangana, koma sindinaone pamene akanakumana, choncho ndinavomera.

Nthawi yonseyi wailesi inkabangula. Gitala wa nyimbo zovina za kuno zotchedwa sungura ankathamanga ngati makoswe padenga la malata, ndipo sipika inali pansi pa mpando wanga, moti mafupa anga ankavina ine ndisakufuna. Nyimbo za m'galimoto sindizikonda. Phokoso ndi bwenzi la wakuba, zipi ikamatseguka sumva. Ndinapempha dalaivala kuti atsitse. Hwindi ndiye anaweramira kutsogolo n'kundiuza kuti wailesiyo siitsitsidwa. Anati mkazi wa dalaivala anabereka mapasa masabata atatu apitawo, ndipo chiyambire bamboyo tulo sanatione, gitala yekhayo ndiye akumugwirira zikope. Ndinamuyang'ana dalaivalayo. Maso ake, ngakhale ine wa ng'ala ndinawaona, anali psuu ngati makala. Za mapasazo sindinakhulupirire, koma za tulozo zinali zoonekeratu.

Titatuluka m'tauni, dalaivala anapatukira m'mbali kuti anyamule munthu amene anakweza dzanja, koma munthuyo anapezeka kuti akungokanda mutu. Pobwerera pa tala kombi inagwera m'dzenje. Chikwama changa chinadumpha, ndipo kulemera kwa simbi ija kunakoka mawaya amene ankalendewera pansi pa wailesi. Gitala anafera pakati pa nyimbo. Ndinamva waya ukugwera paphazi langa. Ndinauponda bwinobwino, n'kutembenukira mphunzitsi ndi nkhope yofunsa kuti wachita chiyani. Lero ndi koyamba kuulula.

Hwindi anaimenya wailesiyo ndi chibakera, sinadzuke. Wina anapereka foni, koma mawu ake anali a udzudzu, injini inawameza. Posakhalitsa mutu wa dalaivala unayamba kugwedera ngati wa munthu wovomera mlandu uliwonse. Kombi inalowera pakati pa msewu, lole yobwera kutsogolo inaliza hutala mpaka chitseko cha bambo uja chinanjenjemera m'manja mwa anthu. Hwindi anamutsina khutu dalaivala, anadzuka, anayenda pang'ono, anayambiranso kuvomera milandu. Kenako anayankhula koyamba m'mawa umenewo. Anati sakufuna kupha anthu, aima pansi pa mtengo agone theka la ola chabe.

Ndinatulutsa wotchi. Mboni zanga ziwiri zinagwirizana kuti ndi twente faifi pasiti seveni. Theka la ola la bamboyo linali diso langa.

Mphunzitsi anati tiimbe nyimbo ya kutchalitchi. Nzeru inali yabwino, koma m'kombimo munali mipingo itatu. Aliyense anayambitsa yakwawo, nyimbozo zinagundana pakati n'kugwa zonse. Okumba golide anati iwo amadziwa za kumowa zokha, amayi a matomato anati zimenezo aziimba atatsika. Dalaivala anali atayamba kale kusankha mtengo.

Ine sindiimba pagulu. Ngakhale kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo, kuti ndizimva amene akunong'ona kumbuyo. Koma m'mutu mwanga ndinaona munthu akuwerama kunyamula bokosi lija, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. Imene inatuluka si ya kutchalitchi. Inali ya mayi anga.

"Agula njinga bambo a mwana,
aye, akukankha.
Afika kumgodi dzuwa lapendeka,
aye, akukankha."

Ankaiimba amayi a mukomboni ya mgodi akamachapa maovololo a amuna awo pamwala. Ndi nyimbo yoseka bambo wina amene anadzimana mpaka kugula njinga, koma kukwera osaphunzira, tsiku lililonse n'kumaikankha kupita kuntchito akuliza belu. Imayenda pang'onopang'ono chifukwa ovololo yonyowa ndi yolemera, suinyamula mothamanga. Mawu anga anatuluka ngati geti la dzimbiri. Ndinaimba ndime yoyamba ndekha, ndikudzimvera chisoni.

Pa ndime yachiwiri kunamveka mawu okhuthala kuchokera kumbuyo: aye, akukankha. Anali mmodzi wa okumba golide aja. Pambuyo pake ndinamufunsa m'Chichewa kuti anaidziwira kuti, anandiyankha m'Chishona kuti agogo ake ankaiimba pomusambitsa. Pa ndime yachitatu mphunzitsi analowa, osadziwa n'komwe chimene akunena. Amayi a matomato anatsatira. Amene anagwirira chitseko anayamba kuchiomba ndi zala kuchokera pansi, chinalira bwino kuposa ng'oma zina zimene ndinamvapo. Dalaivala anadzutsa mutu, anakonza pakhosi, n'kuyamba kung'ung'udza pansipansi. Mtengo uja tinaupitirira.

Ndinaimba ndime ya belu. Ndinaimba ya pampu, imene bamboyo anagula ngakhale matayala ake sankatha mpweya. Ndinaimba ya mkazi wake amene anakhala pakaliyala mwamuna akukankhabe, anthu n'kumati banja ili lalemera. Ndime za mayi anga zitatha ndinayamba kupeka zanga, ndinaikamo mnansi wanga ndi khosi lake lalitali la pampanda, ndipo kombi yonse inavomera kuti aye, akukankha.

Apa pali chinthu chimene ndikuchita nacho manyazi, koma ndilemba zoona. M'chifuwa mwanga munali mfundo imene sindinkadziwa kuti ilimo mpaka pamene inamasuka. Ndinamva fungo la sopo wobiriwira wa mtanda. Ndinamva ovololo ikugwa pamwala kuti phwa, ndi kuseka kwa mayi anga kotulukira pa mpata wa mano awo. Njala ndinaiiwala. Bokosi ndinaliiwala. Ndinatsinzina, abale, ine, m'galimoto yodzaza anthu osawadziwa. Manja anga anachoka pa chikwama n'kuyamba kuomba. Kaya zinatenga nthawi yaitali bwanji, mpaka lero sindidziwa, ndipo palibe amene ndingamukhulupirire kuti andiuze.

Ndinatsegula maso kombi itayamba kuyenda mokwawa. Tinali pa rodibuloko ya apolisi pafupi ndi Chegutu, malole ndi mabasi ali mndandanda mpaka kumene diso langa silinkafika. Ife tinali anayi pa mzere wa atatu, hwindi atapindika ngati mbedza, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu, kuphatikizapo chitseko. Kombi yotere amaiika pambali mpaka masana. Wapolisi wina anabwera molunjika pawindo langa. Ndinamuona akuvula chipewa n'kuchiika pachifuwa.

"Nematambudziko, ambuya," anatero motsitsa mawu. Amenewo ndi mawu amene Ashona amanena popepesa anamfedwa.

Ndinayang'ana duku langa likupepeluka pa galasi, ndipo ndinamvetsa. Kuno galimoto ya maliro amaimanga nsalu yofiira pagalasi pomwepo. Pawindo pali nkhalamba yopanda kanthu kumutu, misozi ili m'masaya chifukwa maso anga amalira ndi mphepo, ikutsogolera nyimbo yokoka. Nanga masiku ano Chichewa chimaimbidwanso kuti kuno, kupatula pamaliro? Ngakhale mphunzitsi uja anali ndi kansalu m'maso. Iye nthawi yonseyi ankayesa kuti ndikulira munthu.

Hwindi anabweretsa ndevu zake pakhutu langa. "Gogo, musasiye. Mukasiya tigona pano."

"Sindikuimbira iwe," ndinamuyankha, n'kubwereza ndime ya pampu.

Wapolisiyo anaimitsa magalimoto obwera kutsogolo n'kutikodola kuti tidutse. Dalaivala anayatsa nyali. Tinapitirira mndandanda wonse, amuna a m'mbali mwa msewu akuvula zipewa, mayi wina wogulitsa malalanje anagwada. Chopweteka chinali chakuti galimoto ya maliro siithamanga. Tinayenda mwaulemu, ine mtima uli pa wotchi, pakamwa pali pa njinga.

Kumbuyo kwathu kunatuluka kagalimoto ka bodi, kenako ena awiri. Awiriwo ndikudziwa ankangothawa mzere. Koma ka bodiko kanali ndi anthu athu, amayi ndi madoda opita kuganyu kumafamu, chifukwa ndinawamva akuilandira nyimbo ija ndi Chichewa chenicheni. Ife ana a anthu obwera tili ndi lamulo limene makolo anatisiyira m'makomboni: ukamva maliro a chiyankhulo chako sufunsa kuti ngandani, umatsatira, chifukwa kwathu n'kutali ndipo mawa ndiwe. Mawu a nyimboyo ankawamva ndithu. Koma kwathu pamaliro azisuweni amaseka malemu, choncho anangoganiza kuti womwalirayo anali ndi njinga.

Titalowa m'Chegutu dalaivala anazingwa. Kuima pokwerera makombi ndi mdipiti wa nyali zoyaka kumbuyo sikukanatheka. Anandifunsa ndi mbali imodzi ya pakamwa kuti malirowa tikupita nawo kuti. Ndinati kuchipatala. Zinamveka bwino, poti maliro ambiri amayambira kumeneko. Amene ankayenera kutsikira kumagolosale anangowerama n'kupitirira malo awo. Mmodzi wa amayi a matomato ankadandaula kuti makasitomala ake apita, koma ankadandaula motsatira nyimbo. Mlonda wa pachipatala anatsegula mageti onse awiri osafunsa kanthu. Dalaivala anayamba kukhotera kuseri kumene amasunga mitembo, ndinachita kumukoka malaya.

Mboni zanga zinati kwatsala mphindi zisanu. Ndinagwira mfundo za duku, mphepo inali itazilimbitsa ngati mwala, za pagalasi ndi za pachikwama zomwe. Hwindi anati ndithamange, chikwama andisungira iye. Ndinamuyang'ana mpaka anapepesa. Wokumba golide uja ndiye anatulutsa mpeni n'kudula dukulo pakati. Ndamva kuti theka linalo likadali pagalasi pomwepo, ndipo kombi imeneyo masiku ano imafika msanga kulikonse.

Nditatsika ndinapeza mkulu wina wa m'kagalimoto ka bodi kaja ataima patsogolo panga, jekete lakale, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, pepani ndithu. Watisiya ndani?"

Munthuyo sindinkamudziwa. "Bambo, za pakhomo panga sindikamba ndi anthu a m'njira," ndinatero, n'kumulambalala.

Pakhomo la chipatala munthu wa yunifolomu anali atawerama kale, manja ali pabokosi. Ndinamugwira pamkono, ndinaponya kadi yanga, ndipo sindinamusiye mpaka atalikhutchumula kuti ndimve kuti yalowadi.

Anandiitana dzuwa litapendeka. Chikwama anati chitsale panja, tinakangana, chinalowa n'kukhala pansi pa mawondo anga pabedi. Anandifunditsa nsalu kumaso n'kusiya diso lamanzere lokha pansi pa nyali, m'manja mwa munthu amene ngakhale mudzi wake sindiudziwa. Ndinayembekeza kuti mantha andigwira, koma nyimbo ija inali isanatuluke m'thupi. Ndinayamba kuing'ung'udza pansi pa nsalu, mpaka dokotalayo, mayi wa mawu ofatsa, anati gogo imbirani mumtima, mutu ukugwedezeka. Ndinagona konko. M'mawa mwake atachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene ndinaona chinali ulusi wothawa pa mpendero wa diresi la namwino. Ndinamuuza. Sanathokoze.

Zimene zinkachitika kunja ndinazidziwa pambuyo. Mkulu wa jekete uja, nditamukaniza, anakafunsa hwindi. Hwindi, poopa kuulula za rodibuloko, anangoti nkhani yake ndi ya gogo wa ku Rimuka, uja amakhala yekha. Mawuwo analowa m'mafoni, ndipo pofika ku Kadoma anali atasintha: gogo wa ku Rimuka watisiya.

Ndinafika kunyumba Lachisanu masana, diso lili ndi chotchinga, magalasi akuda pamwamba. Kunja kwa geti kunali mabenchi a kutchalitchi, phulusa la moto, ndi amayi atakhala pansi ndi zitenje zawo. Amene ankalira mokweza kuposa onse anali mnansi wanga. Ndinaima kaye pakona kumumvetsera, chifukwa ndinkafuna kudziwa ngati akulira zenizeni, ndipo ndikuvomereza kuti ankalira bwino. Kenako ndinapereka moni. Palibe amene anakuwa. Anthu anangonyamuka mmodzimmodzi mwakachetechete, wina anasiya nsapato imodzi imene ndikuisungabe. Mwana wanga wa ku Harare anali kale m'basi, foni yoti ndili moyo inamupeza panjira pa Selous. Anatsika pomwepo, anawoloka msewu, anakwera yobwerera, ndipo mpaka lero akuti ayankhula nane akapsa mtima mokwanira.

Akuluakulu athu anakhala pansi n'kugamula kuti ndinaseweretsa maliro. Ndinawauza kuti ine ndinangomanga chikwama ndi kuimba za njinga, otsatirawo sindinawaitane. Anati chimenecho ndicho chikupweteka kwambiri, kuti ganyu ya tsiku lonse inathera pa njinga. Chiyambire tsiku limenelo pakhomo panga sipafika munthu. Ena akwiya, ena achita manyazi, ndipo ena, makamaka amene anandiona ndi magalasi akuda aja, sakutsimikiza bwinobwino kuti ndine ndani.

Masiku ena izi zikanandisangalatsa. Koma dokotala anandipatsa kabotolo ka mankhwala kuti ndizidontheza m'diso kanayi patsiku, ndipo anati ndikalephera lidzatupa n'kutsekanso, komanso lamanja sadzalikhudza ngati lamanzere silinapole. Manja angawa amanjenjemera. Kadontho kamagwera patsaya, pamphuno, dzulo kanalowa m'khutu. Botolo lafika pakati, diso lalandirapo mwina kawiri. Kuwerama anandiletsa, kunyamula ndowa anandiletsa. Diso limene ndinalithamangira ndi mdipiti wa magalimoto anayi likhoza kuthera pano chifukwa chosowa munthu wa dzanja lokhazikika.

Choncho inu amene mwawerenga izi, mukadutsa ku Rimuka mudzandizonde. Nyumba siivuta kupeza, mukangofunsa za gogo amene anamwalira Lachinayi aliyense akulozerani, ngakhale sakuperekezani. Mubwere masana. Muime pamene pali kuwala, munene dzina lanu ndi la mayi anu. M'manja musambe ine ndikuona, zolembedwa pabotolo muwerenge mokweza, ndipo kadontho koyamba mudonthezere m'diso lanu, tidikire pang'ono. Chakudya musabweretse, sindidya. Mukagogoda n'kupeza sindikuyankha, gogodaninso kachiwiri musanauze munthu.